Otto Loewi ndi mitima iwiri ya achule

Ambiri a ife amene tidaphunzira Biology ku sekondale tikukumbukira chithunzi cha minyewa iwiri yoyang'anizana, pakati pake pali kampata kakang'ono. Aphunzitsi ankadontheza choko m'kampatako n'kutiuza kuti uthenga ukafika kumapeto kwa mnyewa woyamba, thupi limatulutsa timankhwala timene timaoloka mpatawo n'kukadzutsa mnyewa wachiwiri. Tidaloweza, tidalemba mayeso, ndipo ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzajambulanso chithunzi chomwecho pabolodi posachedwapa. Sitidafunsepo kuti adaona timadonthoto ndani, popeza n'tosaoneka ndi maso.

Mpaka chaka cha 1921, panalibe wasayansi amene akadatsimikiza kuti timankhwalato tiliko. Zinkadziwika kale kuti uthenga umayenda m'mnyewa ngati mphamvu ya magetsi, choncho ambiri ankaganiza kuti mphamvu yomweyo imangolumpha kuchoka pamnyewa kupita pamnofu kapena pamtima. Amene adabweretsa umboni woyamba wogwirika wakuti pamapeto a mnyewa pamatuluka mankhwala anali Otto Loewi, ndipo zida zake zinali mitima ya achule, madzi amchere ndi kapaipi kagalasi.

Loewi adabadwa pa 3 Juni 1873 mumzinda wa Frankfurt ku Germany, m'banja la Chiyuda. Bambo ake, Jacob Loewi, anali wamalonda a vinyo. Sukulu imene mnyamatayu adaphunzirako inkalimbikira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo iye ankakhoza zilankhulozi koma masamu ndi Physics ankazikoka movutikira. Mtima wake unali pa mbiri ya zojambula ndi zosema. A kwawo adaona kuti zimenezi sizidyetsa munthu, motero mu 1891 adayamba maphunziro a udokotala, ku Strasbourg ndi ku Munich. Zaka zoyambirira ankathawa makalasi a zachipatala kukamvera aphunzitsi a filosofi, ndipo mayeso ake oyamba akuluakulu adangokhoza mwamwayi. Sitikunena izi kuti tilimbikitse wina kujomba kalasi ya mawa m'mawa. Tikungoona kuti amene akadamuyang'ana mnyamatayu ali ndi zaka 20 sakadalota kuti n'kudzatuluka kanthu.

Adamaliza mu 1896 ku Strasbourg. Kafukufuku wake womalizira maphunziro adamuchita pansi pa Oswald Schmiedeberg, amene ambiri amamutcha tate wa sayansi ya kagwiridwe ntchito ka mankhwala m'thupi, ndipo mutu wake unali wokhudza zimene mankhwala ena a poizoni amachita pa mtima wa chule wochotsedwa m'thupi. Tisaiwale mfundo imeneyi: manja a Loewi adazolowera mtima wa chule zaka 25 asadachite chimene adatchuka nacho.

Adagwirapo ntchito pachipatala cha mumzinda wa Frankfurt, koma sadakhalitse. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala a TB kapena a chibayo. Ankaona anthu, ambiri a iwo achinyamata amphamvu zawo, akumwalira dokotala ali chiimire pambali pa bedi wopanda chowapatsa. Zimenezi zidamulemera kwambiri moti adasiya kuona odwala n'kusankha labotale. Wina anganene kuti adathawa. Ife tikuona kuti adapita kukafufuza kumene kunali gwero la vutolo, chifukwa dokotala sangapereke mankhwala amene palibe wawapeza kapena kuwamvetsa.

Mu 1898 adakhala wothandizira Pulofesa Hans Horst Meyer ku yunivesite ya Marburg. Kumeneko ntchito yake yambiri inali yokhudza chakudya ndi impso. Mu 1902 adaonetsa, pogwiritsa ntchito agalu, kuti thupi likhoza kumanganso mapuloteni ake kuchokera ku tizidutswa timene timatsala mapuloteni akagayidwa, tomwe lero timati ma amino acid. Akadafa chaka chimenecho, dzina lake likadatsalabe m'mabuku a kadyedwe. Nthawi yomweyi adapita ku England, kumene adagwira ntchito miyezi ingapo mu labotale ya Ernest Starling ku London. Kumeneko adakumana ndi mnyamata wina dzina lake Henry Dale, ndipo ubwenzi wawo udakhala mpaka imfa. Mu 1903, pocheza ndi Walter Fletcher wa ku Cambridge, Loewi adatchula ganizo lakuti mwina minyewa imatulutsa mankhwala pamapeto pake. Sadaone njira yoyesera ganizolo, ndipo adaliiwala. Si iye yekha amene adaganizapo chotero: mu 1904 Thomas Elliott, wa ku Cambridge komweko, adalemba kuti mwina minyewa ina imagwira ntchito potulutsa adrenaline. Maganizo analipo, umboni ndiwo unalibe.

Adatsatira Meyer ku Vienna, adakwatira Guida Goldschmiedt mu 1908, ndipo mu 1909 adapatsidwa mpando wa upulofesa ku yunivesite ya Graz ku Austria. Banjali lidakhala ndi ana anayi, aamuna atatu ndi wamkazi mmodzi. Ku Graz adakhalako pafupifupi zaka 30.

Tsopano tafika pa nkhani imene aliyense amaikonda. Malinga ndi mmene Loewi mwini adafotokozera atakalamba, usiku wina cha pa Isitala adadzidzimuka kutulo ali ndi ganizo, adayatsa nyale, adalemba pa kapepala n'kugonanso. Kutacha adakumbukira kuti adalemba chinthu chofunika, koma zolembazo sizinkawerengeka ngakhale kwa mwini wake. Tsiku lonse adavutika kuyesa kukumbukira, osaphula kanthu. Usiku wotsatira, cha m'ma 3 koloko, ganizo lija lidabweranso. Ulendo uno sadadalire pepala. Adavala n'kupita ku labotale usiku womwewo.

Chimene adachita n'chosavuta kumva, ndipo mwana wa Fomu 3 akhoza kuchitsatira. Mtima wa chule ukachotsedwa m'thupi umapitiriza kugunda kwa maola angapo ngati uli ndi madzi amchere osakanizidwa bwino, otchedwa madzi a Ringer. Pali mnyewa wina wotchedwa vagus umene umachokera kumunsi kwa ubongo, kutsika m'khosi mpaka kumtima ndi m'mimba. Kuyambira 1845 zinkadziwika kuti mnyewa umenewu ukagwedezedwa ndi magetsi, mtima umachepetsa liwiro, mwinanso kuima kumene. Loewi adatenga mtima umodzi wokhala ndi vagus wake, adaudzaza madzi aja, n'kugwedeza mnyewawo kwa mphindi zingapo. Mtima udafooka monga ankayembekezera. Kenaka adatunga madzi a mumtima umenewu n'kuwathira mumtima wachiwiri umene unalibe mnyewa uliwonse wogwedezedwa. Mtima wachiwiriwo udafookanso. Magetsi sadaufike, chidaufika ndi madzi okha. Ndiye kuti m'madzimo munali chinthu chimene chidatuluka pamene mnyewa unkagwira ntchito. Adachitanso chimodzimodzi ndi mnyewa wofulumizitsa mtima, ndipo madzi ake adafulumizitsa mtima wachiwiri. Chinthu choyambacho, posadziwa kuti n'chiyani, adangochitcha Vagusstoff, kutanthauza chinthu cha vagus m'Chijeremani. Lipoti lake, la masamba ochepa chabe, lidatuluka mu 1921 m'magazini ya sayansi yotchedwa Pflügers Archiv.

Ife amene tidakulira m'makalasi a Sabata tikamva za loto loiwalika, maganizo amathamangira kwa Nebukadinezara ndi Danieli, ndipo n'zosavuta kuilalikira nkhani ya Loewi ngati chozizwa. Tiyeni tisamale pang'ono. Choyamba, mwini wakeyo ankasokoneza masiku. Pena ankati zidachitika mu 1920, pomwe lipoti lidatuluka mu 1921, ndipo olemba mbiri adaona kuti lidafika kwa akonzi a magaziniyo pa 20 Malichi 1921, kutatsala sabata yathunthu kuti Isitala ya chaka chimenecho ifike. Sitikuti nkhalambayo inkanama. Munthu akamafotokoza chinthu patapita zaka pafupifupi 40, masiku amasakanikirana. Chachiwiri n'chofunika koposa. Lipoti litatuluka, Fletcher adamukumbutsa za macheza aja a 1903. Ndipo Loewi poyang'ananso mndandanda wa ntchito zake, adapeza kuti zaka ziwiri lotolo lisadabwere adagwiritsapo kale ntchito njira yomweyo yotunga madzi a mumtima wa chule, pofufuza funso lina. Ganizo lidakhala m'mutu mwake zaka zoposa 17, njira inali m'manja mwake, ndipo tulo tidangolumikiza ziwirizi. Kaya wina anena kuti ndi mphatso ya Mulungu kaya ndi ntchito ya ubongo wopuma, ndipo ife sitikuona chifukwa chosankhira chimodzi n'kutaya china, lotolo lidagwera munthu amene ankadziwa kumanga ulusi pa kamtima kochepa ngati nyemba pakati pa usiku.

Iye mwini adavomereza kuti ganizolo likadamubwerera masana akadalikana. Mankhwala otuluka pamnyewa ndi ochepa kwambiri, ndipo munthu woganiza bwino akadati sangasefukire m'madzi mpaka kukhudza mtima wina. Padalinso mwayi umene adauzindikira pambuyo pake. Mtundu wa achule amene adagwiritsa ntchito, nyengo yozizira, ndiponso kuti chule ndi nyama ya magazi ozizira, zonsezi zidathandiza kuti mankhwalawo asawonongeke msanga. Asayansi ena poyesa ndi achule ena, nyengo ina, kapena nyama za magazi otentha, sankapeza kanthu. Ena, monga Leon Asher wa ku Bern, adamutsutsa poyera. Kwa zaka zingapo dzina la Loewi linali pamayeso. Mu 1926, pamsonkhano waukulu wa akatswiri a kagwiridwe ntchito ka thupi ku Stockholm, adapemphedwa kuti achite kafukufukuyo pamaso pa anthu. Adachita mobwerezabwereza, ndipo zidatheka.

Zaka zimenezi, zomwe sizikambidwa kawirikawiri chifukwa mulibe loto, ndi zimene ife tikuziona kuti n'zolemera. Loewi ndi omuthandiza adatulutsa malipoti oposa khumi pamutu umodzimodziwu, aliyense akutseka khomo limodzi la chikayiko. Mu 1926, iye ndi Ernst Navratil adaonetsa kuti Vagusstoff amachita zinthu mofanana m'zonse ndi mankhwala otchedwa acetylcholine. Adapezanso kuti mumtima muli enzyme imene imaphwanya mankhwalawa mwamsanga. Apa mafunso awiri adayankhidwa pamodzi: chifukwa chake ena ankalephera kuwapeza, ndi chifukwa chake mtima suima mpaka kalekale vagus akangolankhula kamodzi. Uthenga uyenera kufufutidwa kuti wina ulembedwe, monga momwe timapukutira bolodi.

Adapitirira apo. Panali mankhwala akale otchedwa physostigmine, ochokera ku nyemba ya ku Calabar m'dziko la Nigeria. Anthu a kumeneko ankamwetsa nyembayi munthu woganiziridwa ufiti, monga momwe makolo athu ankachitira ndi mwavi. Madokotala a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito mankhwalawa, makamaka m'maso, osadziwa kuti amagwira bwanji. Loewi ndi Navratil adaonetsa kuti physostigmine amamanga manja enzyme ija, motero acetylcholine amachuluka n'kukhalitsa. Adaonetsanso kuti atropine, mankhwala ena ochokera ku zomera, saletsa mnyewa kutulutsa acetylcholine, koma amatsekereza mtima kuti usamve uthengawo. Mankhwala awiri, malo awiri osiyana pa kampata kamodzi. Kuyambira pamenepo, wofufuza aliyense wa mankhwala a minyewa adapeza mafunso oyenera kufunsa: kodi mankhwalawa akusintha katulutsidwe ka uthenga, kalandiridwe kake, kapena kafufutidwe kake?

Loewi yekha sakadamaliza ntchitoyi, ndipo pano mpofunika kumutchula bwenzi lake uja. Henry Dale adali atafotokoza kale mu 1914 zimene acetylcholine amachita m'thupi, koma nthawi imeneyo panalibe umboni wakuti nyama zimapanga mankhwalawa. Mu 1929 Dale ndi Harold Dudley adawapeza mu kapamba wa ng'ombe ndi wa hatchi. Mu 1933 Wilhelm Feldberg, amene adachotsedwa ntchito ku Berlin chifukwa chokhala Myuda, adafika mu labotale ya Dale ali ndi njira yoyezera acetylcholine wochepetsetsa pogwiritsa ntchito mnofu wa msundu. Mu 1936 Dale, Feldberg ndi Marthe Vogt, mayi wasayansi amene adachoka ku Germany chifukwa chodana ndi ulamuliro wa Hitler, adaonetsa kuti minyewa imene timayendetsera manja ndi miyendo imatulutsanso acetylcholine. Chodabwitsa n'chakuti Loewi mwini ankakayikira zimenezi. Ankakhulupirira kuti zimene adapeza n'zoona pa mtima ndi ziwalo za m'kati, koma ankaona kuti minofu ya mafupa imachita zinthu mofulumira kwambiri moti mankhwala sangakwanitse. Apa adalakwa, ndipo ganizo lake lidakula kuposa mmene mwini wake ankalolera. Chaka chomwecho cha 1936, Loewi ndi Dale adagawana mphoto ya Nobel.

Mkangano wokhudza ubongo weniweniwo udapitirira. John Eccles, wasayansi wa ku Australia, adateteza ganizo la magetsi kwa zaka zambiri, mpaka mu 1951 kafukufuku wake yemwe adamuonetsa kuti adalakwa, ndipo adavomera poyera. Mu 1946 Ulf von Euler wa ku Sweden adapeza kuti mwa nyama zoyamwitsa mankhwala ofulumizitsa mtima otuluka m'minyewa ndi noradrenaline. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Arvid Carlsson adaonetsa kufunika kwa dopamine muubongo, ndipo izi zidatsegula njira ya mankhwala a matenda a Parkinson. Mankhwala ambiri amene lero amaperekedwa pa matenda a maganizo, ndiponso ofewetsa minofu pochita opaleshoni, amagwira ntchito pa kampata komwe kaja. Ngakhale Loewi asadalandire mphoto, mu 1934, dokotala wina wamkazi ku London, Mary Walker, adabaya physostigmine mayi wodwala myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu mpaka zikope kugwa, ndipo mphamvu zidabwerera kwa maola angapo.

Kwathu kuno ntchito ya Loewi timakumana nayo osadziwa. Mankhwala ambiri ophera tizilombo m'munda, a magulu a organophosphate ndi carbamate, amapha pomanga enzyme yomwe ija. Munthu akawamwa kapena akamulowa kwambiri popopera mbewu, acetylcholine amasefukira: malovu ndi thukuta zimachuluka, m'mimba mumapota, mtima umagunda pang'onopang'ono, kupuma kumavuta. Kuchipatala, mankhwala oyamba amene amathamangira ndi atropine, pa chifukwa chenicheni chimene Loewi adafotokoza. Nacho chikonga cha mu fodya chimagwira ntchito ponamizira kukhala acetylcholine pa malo ena olandirira uthenga, moti Dale adatcha malowo dzina lochokera ku chikongacho. Tikamaphunzitsa za kudziletsa mumpingo, ndi bwino tizidziwa kuti chilakolako cha wosuta chili ndi malo ake enieni m'minyewa. Izi zingatithandize kulankhula naye moleza mtima.

Patangopita chaka ndi miyezi yochepa chilandirire mphoto ija, zinthu zidatembenuka. M'Malichi 1938, pamene asilikali a Hitler ankalowa mu Austria, Loewi adali wotanganidwa ndi kafukufuku wofuna kudziwa ngati minyewa yonyamula uthenga wa kumva kukhudza ndi ululu ili ndi acetylcholine. Pakati pa usiku, anthu a mfuti a chipani cha Nazi adalowa m'nyumba mwake n'kumutengera kundende. Ana ake aamuna awiri aang'ono adamangidwanso. Mlandu wawo unali umodzi: anali Ayuda. Loewi adali ndi zaka 64, ndipo adali atatumikira yunivesite ya mumzindawo kuyambira 1909.

Ali m'ndendemo ankayembekezera kuphedwa, ndipo chimene chinkamusowetsa tulo chinali chakuti zotsatira za kafukufuku wake womaliza zifa naye. Adachonderera mlonda mpaka adamupatsa pensulo ndi positikhadi, adalembapo zotsatirazo mwachidule, n'kupempha kuti zitumizidwe ku magazini ya sayansi. Tikaganiza za nkhalamba imeneyi ikulemba pa kakhadi m'chipinda cha ndende, timakumbukira kapepala kosawerengeka kaja. Ulendo uno adaonetsetsa kuti zilembo zikuwerengeka.

Adatulutsidwa patapita miyezi pafupifupi iwiri, asayansi a maiko ena atadandaula. Kuti aloledwe kuchoka m'dzikolo adakakamizidwa kusiya katundu wake, ndiponso kulamula banki ya ku Stockholm kuti itumize ndalama zake za mphoto ya Nobel ku banki yolamulidwa ndi a Nazi. Adafika ku London m'Sepitembala 1938 ali chimanjamanja, ndipo amene adamulandira m'nyumba mwake anali Henry Dale. Adagwira ntchito kanthawi ku Brussels, kenaka ku Oxford, ndipo mu 1940 adaitanidwa kukakhala pulofesa wa kafukufuku pasukulu ya udokotala ya New York University. Dokotala amene adamuyeza asadanyamuke adalemba m'mapepala ake kuti ndi wokalamba wosatha kudzipezera chakudya. Mwamwayi, wa ofesi yoona za olowa m'dziko ku New York sadalabadire zimenezo. Mkazi wake, amene adatsalira ku Austria chifukwa akuluakulu a boma ankafuna kumulanda katundu wa banja lake, adafika mu 1941. Loewi adakhala nzika ya America mu 1946.

Munthu amene adalembedwa kuti watha ntchito uja adagwira ntchito mu labotale zaka zina zambiri. Sadapezenso chinthu chachikulu ngati cha 1921, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti adatero. Chikoka chake pa zaka zimenezi chinali cha mtundu wina, umene ife ofuna kudzakhala aphunzitsi tingaumve bwino. Nyengo yotentha iliyonse ankapita ku Woods Hole, m'mphepete mwa nyanja ku Massachusetts, kumene kuli labotale yotchuka yofufuza zamoyo za m'nyanja. Kumeneko ankamvera malipoti a achinyamata, kuwafunsa mafunso, ndi kucheza nawo za sayansi, nyimbo ndi zojambula zomwe adazikonda kuyambira ubwana. Mu 1954 bungwe la Royal Society la ku London lidamusankha kukhala membala wake wochokera kunja. Mu 1960 adalemba mwachidule mbiri ya moyo wake, ndipo m'menemo ndi mmene anthu ambiri amatenga nkhani ya loto ija.

Adamwalira ku New York pa 25 Disembala 1961 ali ndi zaka 88, ndipo adaikidwa ku Woods Hole. Dale adakhalabe ndi moyo mpaka 1968, ndipo ndi iye amene adalemba mbiri ya bwenzi lakelo m'mabuku a Royal Society. Ku Graz, mzinda umene udamutsekera m'ndende, yunivesite ya zachipatala ili ndi likulu la kafukufuku lotchedwa ndi dzina lake.